Pomwe Anadulapo Elube

Lolemba, 6 Ogasiti 1951

Ndatola thonje mpaka dzuwa paliwombo. Ndadya. Tsitsi lomwe anandimeta pamaliro layamba kumera, amayi akuti ndikhoza kuvula duku tsopano. Sindinavule.

Saida, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, wabwera ndi nkhani. Loweruka kumishoni kuli kanema. Osati wa galimoto ya boma uja wotiphunzitsa kukumba zimbudzi, iyayi. Ndi timafilimu tomwe a Willard, wantchito wa kumishoniko, anajambula konkuno chaka chatha ndi makina a Abulaza a kumishoni: sitima pa Balaka, mpira wa ana asukulu, msika wa thonje. Polowa munthu apereke dzira kapena mbale ya chimanga, zipite kwa ana amasiye a njala ija amene asisiteri akulera.

Ndati chabwino.

Kenaka watsitsa mawu, zomwe Saida sachita. Wati, "Achemwali, akuti mu ya thonjemo muli Elube."

Ndati oho. Ndapitiriza kusankha nandolo.

Lachiwiri, 7 Ogasiti

Chikuku chinamutenga mwana wangayo m'Malichi. Timadiresi take tinamuika nato. Kamphasa anakatentha. Bambo ake ali ku Joni, anayankha kalata kuti pepa. Panyumba pano dzina lake sitilitchula. Kale ndinali make Elube, lero ndine Ida basi.

Ndayesa kukumbukira nkhope yake. Tizala ta kumapazi ndikutiona. Chipsera cha pabondo ndikuchiona. Nkhope ayi, pangoyera. Sindinauze munthu.

Lachinayi, 9 Ogasiti

Amalume a Blasius abwera panjinga kuchokera kwa Nsamala. Amva za kanema. Akhala pansi pa mtengo wa mango, amayi pambali, ine cha kunkhokwe.

Ati, "Ine kanema ndinamuonapo ku Limbe. Anthu akaona munthu womudziwa pakhoma amaseka, amaimba malikhweru. Mwana tinamugoneka, tinameta. Ndiye adzuke pakhoma anyamata akuomba m'manja? Iyayi."

Amayi ati nzoona, wogona agone.

Kwa a Willard amalume adzerako kale. Akuti filimu ili ngati lamba, amatha kudula ndi sizasi nkumatanso. Adula pali mwanapo. Chidutswacho amalume adzachitenga Lachiwiri akachitenthe, monga tinachitira ndi kamphasa.

Andifunsa, "Kapena uli ndi mawu, mphwanga?"

Ndayang'ana pansi. Nyerere imakoka gaga. Ndati, "Momwe mwaneneramo."

Sakulakwa amalume. Ndi iwo anamunyamula m'manja mpaka kumanda.

Lachisanu, 10 Ogasiti

Apempha mabulangete otsekera mawindo a sukulu ya kumishoni, poti kanema amafuna mdima. Ndapereka langa.

Loweruka, 11 Ogasiti

Sindimafuna kupita. Saida wandikoka, ati dzira lake silingalowe lokha.

Masana, koma m'kati bii. Kutentha, fungo la thukuta, injini ya magetsi ikulira panja. Asilamu, Akatolika, a Chisikochi, tonse benchi imodzi. Mafilimuwo salankhula, a Willard ndiwo amafotokoza ataimirira kumbuyo. Sitima itatulukira pakhoma mayi wina wagwera pansi pa benchi ndi mwana kumsana. Anthu kuseka. Ndiye mwamuna wa Saida waoneka atanyamula thumba pasiteshoni, Saida nkukuwa, "A Swaibu, wallahi, mimba yonseyo njanu? Kunyumba mumati simukhuta!" Ngakhale asisiteri aseka. Amalume sananame, anthu amasekadi.

Ine ndimangoona. Ngati madzi akudutsa mumfuleni.

Kenaka msika wa thonje. Mzere wa azimayi pasikelo, madengu pamutu. Wachitatu kapena wachinayi, mkazi wa tsitsi loluka. Ndatenga nthawi kuti ndimuzindikire. Ine. Akuseka, mano onse panja, akuyang'ana pansi cha pabondo lake, dzanja akulitambasulira komweko.

Khoma laphethira.

Basi mkazi uja ali ndi dengu lopanda kanthu, akuchoka. Palibe waona kuti padumpha. Saida yekha wandifinya chala. Wina kumbuyo wati, "Si a Ida awo? Kodi amaseka?"

Mazira ndi chimanga zapezeka zambiri, akutero.

Lamulungu, 12 Ogasiti

Misa. Ulaliki sindinaumve.

Dzanja lija. Limapita kuti? Mkazi uja amaseka chiyani? Tsikulo ndinalipo koma sindikudziwa. Yankho lili m'chidutswa chija, ndipo Lachiwiri chipsa.

Chakudya ndasiya. Amayi andiyang'ana.

Lolemba, 13 Ogasiti

Ndapita kusukulu kukatenga bulangete. A Willard anali okha, akukulunga mafilimu. Chibadwire sindinalankhulepo nawo. Ndaima pakhomo nthawi yaitali.

"Bulangete lanu lili apo, mayi."

Ndalitenga. Koma sindinachoke.

"Pali china?"

Mawu atuluka aang'ono, mpaka ati ndibwereze. Ndati, "Chomwe munadula chija."

Andiyang'ana. Atsegula kachitini ka fodya, atulutsamo kalamba ka filimu kakuda kopiringizika, kutalika ngati mkono wanga. Ati, "Amalume anu abwera mawa." Ndati ndikudziwa. Ati, "Gwirani m'mbalimu. Mukayang'anitse kudzuwa."

Ndatuluka pakhonde. Poyamba sindimaona kanthu. Ndiye timawindo ting'onoting'ono tondondozana, lililonse losaposa chikhadabo. M'windo lililonse muli iye.

Wadziika thonje pamutu ngati nkhalamba ya imvi. Ndi chimene ndimaseka. Wayang'ana kuno. Chipumi chotuluka cha amayi, makutu a bambo ake, mpata uja pamano. Mpata uja! Ndinauiwala bwanji? Ndikamatsitsa maso windo ndi windo, kadzanja kake kakukwera pang'onopang'ono, mpaka pawindo lomaliza kagwira chala changa.

Ndakhala pansi pakhondepo. Phokoso lomwe latuluka m'kamwa mwanga sindinalichite ngakhale pamaliro. A Willard apita kuseri kukaona injini, ngakhale sinali kulira.

Atabwerako atambasula dzanja, kachitini kali chitsegulire. Sindinawapatse.

Ati, "Nanga amalume ndiwauza chiyani, mayi?"

Amalume sindinawatsutsepo, ngakhale pa nkhani ya ukwati. Ndati, "Muwauze kuti chili kwa make Elube. Abwere kwa ine."

Ndinalibe pokasungira. Ndavula duku, ndakakulunga momwemo. Ndadutsa pamsika ponse mutu uli pamtunda, mphepo ikuzizira m'tsitsi.