Tayala lakumbuyo la a Bonifasiyo

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Abambo munawapeza? Muwapatse moni wanga.

Ndiyambe ndi kukuwerengerani pepala la boma, popeza linatuluka inu mutapita kale. Lili ndi karimbu, chidindo chawo chija, pansi ndi anthu awiri osainira. Likuti karinya, galimoto ya katundu ya a Bonifasiyo imene munakwera tsiku lija, inali yabwinobwino, matayala onse anali oyenera pamsewu, woyendetsa anachita zonse zotheka, ndipo ngoziyo inachitika chifukwa cha mvula. Ndiye mwamva, amayi. Inakuphani ndi mvula.

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Rozita anachira nthawi yokolola, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu, kulira kosafuna kutonthozedwa n'kwanunso. Munda wakutsidya unabereka ngakhale panalibe woupalira kachiwiri, koma anankafumbwe alowa kale m'nkhokwe. Nkhuku yanu yamawanga inaswa, mphamba watenga anapiye awiri. Mtedza umene munkapita nawo ku Cassacatiza anthu anatola pamsewu pomwepo. Ena mwa iwo anabwera kudzalira maliro, ndipo analira bwino ndithu.

Patapita sabata titakuikani ndinapita pamalo pamene munagwera. Tayala lakumbuyo limene linaphulika ndinalipeza mu ngalande, litang'ambika, chidutswa cha unyolo chitalowa m'nthiti mwake. Ndinalimanga pa njinga mpaka ku Nsadzo kwa a Tembo, aja omata matayala pansi pa mtengo wa mango, amene anagwirapo ntchito ya malole kumalire. Anavala magalasi, n'kulipukuta ndi kansanza, n'kundiuza kuti ndigwade. Anati, "Iwe sukulu unafika desima, kalasi yakhumi, suwerenga bwanji? Tayala limalemba lokha mbiri yake."

Amayi, munagulitsa mtedza zaka zonse zija kuti ine ndiphunzire, ndipo munkafunsa kuti sukuluyo idzabereka liti. Yabereka pa tayala.

M'mbali mwa tayala lililonse muli kabokosi ka manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Lanulo linabadwa chaka chimodzi ndi Eliza wa kwa a neba, ndipo Eliza uja tsopano akum'funsira. Pali nambala ina yonena kulemera kumene tayala lingasenze, pambali pake chilembo chonena liwiro limene lingapirire. A Tembo anati limeneli ndi la kagalimoto konyamula bwana ndi mkazi wake, osati la karinya yodzaza matumba ndi anthu pamwamba pa matumbawo. Palinso chilembo cha kupirira kutentha, A, B kapena C. Lanulo linali C, kalasi yomaliza, ongokhoza mowakankha.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi mizere. Inkaoneka yakuya ngati ya tayala latsopano. A Tembo analowetsa chikhadabo n'kundionetsa waya pansi pake. Tayalalo linali litachita dazi kalekale. Munthu wina anatenthetsa chitsulo pamoto n'kukumba mizere yatsopano, n'kupaka polishi wa nsapato. Inu munkati, "Pogula nkhuku uziyang'ana kumiyendo, nthenga zimanama." Tsiku limenelo munayang'ana nthenga, amayi. Sindikukudzudzulani.

Za unyolo ndinazidziwa kwa amayi ake a Eliza, amene anali nanu pamwamba pa matumba. Msewu wa ku Mualadzi unali udakali matope a mvula ya sabata yapitayo, ndiye a Bonifasiyo anamanga unyolo kumatayala akumbuyo. Pamenepo sanalakwe. Unyolo ndi wa matope. Umaumanga, umayenda pang'ono, umatsika kukaukunganso, ndipo umayenda ngati ukuperekeza mkwati. Koma ukafika pa tala umaumasula, chifukwa pouma chitsulo chimadya tayala ndipo chikaduka chimakwapula chilichonse. Inu munakwerera pamphambano yathu, pamene matope amathera. Anthu anawauza a Bonifasiyo kuti amasule. Iwo anati madzulo abwereranso m'matope momwemo, kumasula ndi kumanganso ndi ntchito ziwiri, ndipo anali atavala malaya oyera. Anathamanga pa tala unyolo ukulira ngati mabelu a ng'ombe. Simunafike ngakhale pa mlatho.

A Bonifasiyo anathyoka mkono wokha. Wapola. Karinya anaiwongola ndipo ikuyendanso.

Ndinaganiza zambiri zimene sindingalembe pano, poti abambo angawerenge nawo. Kenako ndinakumbukira mawu anu aja, akuti mkwiyo uli ngati nyemba, sufuna moto waukulu, umafuna moto wosazima.

Ndiye tsiku lililonse la msika ndimalawirira pamphambano. Karinya ikaima ndimapereka moni waulemu, "Mwadzuka bwanji, a Bonifasiyo, mkono uli bwanji?" Ndikatero ndimagwada pa tayala n'kuliwerenga mokweza, ngati kalata ya kutchalitchi. Sabata yakuti, chaka chakuti. Kusenza, kochepa. Kutentha, C. Sinditukwana munthu. Ndimangowerenga.

Poyamba anthu ankaseka. A Bonifasiyo ankati, "Mwana wa malemu wazungulira mutu, kwerani tizipita." Koma amayi a pamsika ndi ochenjera kuposa mmene amuna awo amaganizira. Tsopano amayi ake a Eliza, amene sadziwa kulemba dzina lawo, amadziwa kupeza kabokosi ka manambala anayi. Amalowetsa chikhadabo m'mizere asanakweze dengu. Sabata yatha amayi ena a ku Mualadzi anakana kukwera mpaka unyolo utamasulidwa, ndipo a Bonifasiyo anagona chagada m'fumbi ndi malaya oyera omwewo, msika wonse ukuwalangiza mmene angamasulire. Ndinalakalaka mukanaona. Masiku ano karinya imachoka ndi anthu atatu, anayi. Otsala amadikira chapa, minibasi ija, ena amapalasa njinga.

A Bonifasiyo anayesa nzeru ina. Anabwera ndi matayala onyezimira, akuti atsopano a ku Zambia. Nditagwada ndinapeza kuti manambala anayi aja awapala ndi mpeni. Ndinangodzuka n'kuuza anthu kuti tayala ili likubisa zaka ngati wamasiye wofuna banja. Tsiku limenelo anapita okha.

Tsopano atumiza mbuzi. Yafikira kwa amalume a Zakariya, ndipo yamangidwa pa mtengo wanu wa mpoza. Amalume aitanitsa banja Lamulungu likubwerali. Akuti tilandire chipepeso, tithire nsembe, ndipo ine ndinene pamaso pa onse kuti inali mvula monga pepala likunenera, n'kusiya kupita pamphambano. Akuti a Bonifasiyo nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Akutinso mzimu wanu sungagone ine ndikamakanda nkhaniyi, ndipo ndikakana ndisadzapondenso pakhomo pawo. Mbuziyo ndi yonenepa, ndipo amalume amaiyang'ana mmene sanayang'anepo manda anu.

Amayi, ngati n'zoona kuti ndikukusowetsani tulo, bwerani mundiuze nokha. Muli moyo simunkatuma munthu ine ndikalakwa. Mpaka lero simunanene kanthu, ndiye ine ndikumva kuti mwavomera.

Ana a a Bonifasiyo sindidana nawo. Bambo awo ali ndi khasu ngati wina aliyense. Koma ndikukulonjezani kuti karinya imeneyo ndidzaiona itakhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa woyendetsa. Zaka zingapite, ine maondo ndili nawo. Lamulungu ndidzapita, ndidzagwada kwa amalume mwaulemu wonse umene munandiphunzitsa, ndipo mawu akufunawo sadzawamva. Mbuzi ibwerere mmene inabwerera, wapansi. Njira imeneyo ndi yotetezeka kuposa galimoto ya mwini wake.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani makamaka nthawi yosenda mtedza.

Ndine mwana wanu,
Sesiliya

Zitenje ziwiri zimene munachapa n'kuyanika panja m'mawa umenewo ndinazianula ndine, madzulo, titabwera nanu kunyumba. Zinali zouma.