Msoko wa Dzanja Lamanzere

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi onse amene muli nawo pakhomopo. Kodi mwendo uja ukukulolani kuyenda, kapena mukungoulimbira mtima monga mwa chizolowezi chanu? Ine kuno ndili moyo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa inu mumandigwira bodza ngakhale papepala.

Mawu anu ndinawalandira, akuti alamu anga akufuna kubwera mwezi ukatha kudzatenga makina osokera a malemu achimwene awo, ndipo inu mukuti ndiwapatse, ndilongedze, ndibwerere kumudzi. Mumtima ndinali nditavomera. Koma m'chipinda muno mwachitika zinthu zimene muyenera kumva kaye. Amene akukuwerengerani kalatayi awerenge dzuwa lili pamutu.

Mukudziwa kuti amuna anga atayamba kufooka anasiya kupita pakhonde la sitolo pamene ankasokera ndi anzawo, makinawo n'kuwabweretsa kunyumba. Anawaika pazenera. Tsiku limene tinathamangira nawo kuchipatala anasiya buluku la munthu lili pansi pa singano, mwendo umodzi wosoka, winawo ayi. Pakona panali mulu wa nsalu za eni ake, zina zodula kale, zina zongolembedwa choko. Maliro atatha ndinafunditsa makinawo nsalu ya pabedi, bulukulo lili momwemo. Matelala anzawo atabwera kudzandipepesa n'kutchulako za ntchito yotsalayo, ndinawayankha mwaukali kuti wokhudza makinawo adzandiona. Chisoni chimapatsa munthu mwano, Amayi.

Eni nsalu anandichitira ulemu masiku oyambirira okha. Kenako anayamba kugogoda. Wina mwana wake akuyenera kuyamba sukulu, wina ali ndi ukwati wa mchemwali wake. Ine ndinkangokhala phee pabedi mpaka atatopa n'kubwerera. Ndikanatani? Inu mukundidziwa, batani limene ndasoka m'mawa limakhala litagwa pofika masana.

Ndinabwerera kuntchito yanga yotsuka mbale. Ndimachoka m'mawa, ndimafika dzuwa litapendeka. Tsiku lina nditatsekula chitseko ndinamva fungo la mafuta a makina. Nsalu ya pabedi ija inali pamalo pake. Koma buluku lija linali pampando, lopindidwa bwino, miyendo yonse yosoka, losita. Ndinapisa dzanja pansi pa nsaluyo n'kukhudza gudumu la makina. Linali lofunda. Ndinadziuza kuti ndi dzuwa la pazenera.

Nditatembenuza bulukulo ndinapeza kamfundo ka ulusi wofiira m'kati mwa chiuno. Chimenecho chinali chizindikiro cha amuna anga. Chovala chilichonse chimene asoka ankachimangira kamfundo kotere pobisika, ati dzina lawo lizipita nacho. Ndinakhala pansi pomwepo, chitseko chili chotsekula.

M'mawa mwake ndinapeza siketi. Tsiku linalo, mayunifomu a ana. Mulu wa pakona uja unkangochepa, chitseko ndikuchipeza chokhoma monga ndinachisiyira. Ndinafunsa mayi wa chipinda choyandikana nafe, amene amakhala pakhomo ndi khanda lake, ngati amaona munthu akulowa. Anati makinawo amawamvadi akulira masana, kenako anayang'ana kumbali n'kuyamba kutonthoza mwana amene sankalira n'komwe.

Musandiseke, Amayi, koma ndinayamba kuodira pakhomo panga pomwe. Pampando wawo ndinaleka kuikapo kanthu. Zovalazo ndinkapereka kwa eni ake, iwo n'kumayamikira kuti dzanja la a Manzere silisowa, poti ndilo dzina limene ankawatchula amuna anga kuno chifukwa chosokera kumanzere. Wina anandifunsa ngati anamaliza asanamwalire. Ndinangogwedeza mutu.

Tsiku lina mseru unandivuta kuntchito, abwana n'kundimasula masana. Ndikulowa m'kanjira ka pakati pa zipinda ndinawamva. Makina amenewo ndimawadziwa kulira kwake, amachita ngati akutsokomola akafika pokhota. Ndinaima nthawi yaitali nditagwira khoma, ndikulakalaka kuthawa, ndikulakalakanso kuwaona ngakhale msana wokha. Kenako ndinakankha chitseko.

Pampando panali mwamuna atandifulatira, tepi ya amuna anga ili m'khosi. Nditakuwa, iye anakuwa kuposa ine, mpaka magalasi ake a m'maso anagwa. Anali a Jekete, mkulu wa imvi amene amasoka masuti pakhonde paja.

Mtima utakhala pansi anandifotokozera. Akuti pakhondepo ali ndi kachitidwe kawo: mnzawo akagona kapena akatisiya, otsalawo amamaliza ntchito yake yonse, osalandirapo kanthu, kuti dzina lake lisatukwanidwe m'misewu. Ndipo amasokera pa makina a mwiniwakeyo, chifukwa makina alionse ali ndi kayendedwe kake, ndipo mwini chovala amazindikira msoko wachilendo. Popeza ine ndinawakalipira, anapempha kiyi kwa mayi woyandikana nafe uja, amene amuna anga anamusungitsa kuti aziwabweretsera madzi akumwa pamene ankadwala. Ankasinthana pa nthawi ya chakudya cha masana: a Jekete, mnzawo wamng'ono amene amamutcha Mabatani, ndi mayi wina wosoka madiresi a ukwati. Kamfundo kofiira kaja ankamanga okha. A Jekete anapepesa pondiopseza, nati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku limenelo ndinalira mokweza koyamba chiikireni maliro. Ndinalira chifukwa cha ubwino wawo, koma ndisakubisireni, ndinaliranso chifukwa sanali amuna anga.

Kuyambira pamenepo matelalawo amabwera poyera. Mayi wa madiresi uja amandiperekeza kumsika, ndipo akaona kuti sindinakoleze moto amandikalipira ngati inu. Malo a amuna anga pakhonde sanapatse munthu. Akuti ndibweretse makina, andiphunzitse, ndiyambire zigamba ndi kupinda m'munsi mwa masiketi. Mabatani akuti batani langa loyamba likatha sabata lisanagwe adzandivinira pamsewu.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ndikugona tulo. Koma pali ina.

Mukukumbukira mmene munkawasekera akamwini anu kuti mkazi wa telala ndiye woyenda ndi zong'ambika? Mawu amenewo anawalowa. Asanadwale anagula nsalu yobiriwira ya timaluwa, anandiyeza, anaidula, n'kuika zidutswazo m'sutikesi ya pansi pa bedi, ati adzasoka ntchito ikachepa. Kiyi wa sutikesiyo ndimamuvala m'khosi pa chingwe, sachoka ngakhale posamba.

Sabata yatha ndinaitsekula kuti ndiyanike jekete lawo. Pamwamba penipeni panali diresi, losokedwa lonse. Silinapite pa makina. Linasokedwa pamanja, timisoko ting'onoting'ono tofanana, tonse topendekera mbali imene amapendeketsa munthu wogwira singano kumanzere. M'kati mwa khosi munali kamfundo kofiira.

Ndinathamanga nalo kukhonde. Onse atatu analiyang'ana mosinthana. A Jekete anati pakati pawo palibe wamanzere, ndipo iwo anayesapo kutsanzira msoko umenewo kalekale n'kulephera. Mabatani anati mwina amuna anga analisoka masiku amene ankadwala, ine ndili kuntchito, pofuna kundidabwitsa. Ndinafunitsitsa kukhulupirira zimenezo. Koma maliro atatha ndinatsekula sutikesiyo poika malaya awo, ndipo maso anga amandiuza kuti zidutswazo zinali zokulungakulunga, zomangidwa ndi kansalu. Kaya, masiku amenewo mutu sunali wanga.

Mayi wa madiresi anandilowetsa kuseri kwa katani kuti ndiliyese. M'mapewa linakhala ndendende, m'manja chimodzimodzi. Koma kutsogolo linali lotakasuka, ndipo m'mbali munali mapindo osokedwa mopepuka, oti munthu n'kumamasula limodzilimodzi. Ndinaseka, ndikuti munthu amene sanaphonyepo muyeso wa mlendo waphonya wa mkazi wake. Mayiyo sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti kumwezi ndinapita liti komaliza. Ine zonsezo, mseru ndi kufooka, ndinkaziyesa chisoni.

M'mawa mwake anandigwira dzanja mpaka kuchipatala, ndipo anamwino anatsimikiza. Amayi, ndine woyembekezera. Mukudziwa zaka zimene tinadikira, ndi zimene anthu ankalankhula tikadutsa. Amuna anga anatseka maso ine ndisanawauze, chifukwa ine mwini sindinkadziwa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mutenge amalume, mupite kwa alamu anga, mukawapemphe mwaulemu kuti makinawa awasiye. Jekete, nsapato, wailesi, zonsezo abwere adzatenge, ndawayanikira kale. Si umbombo ayi. Mwana ameneyu sadzaona nkhope ya bambo ake, apezeko chimene manja awo ankagwira, ndipo ndi pomwepo ndidzamudyetsere. Kumudzi ndidzabwera kudzakuonetsani, koma pakadali pano ndili ndi anthu kuno. Sindili ndekha monga mukuopera.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu anga akazi, ndi kwa mng'ono wanga, amene ndikudziwa kuti ndiye akuwerenga. Iwe, nkhani ya pakatiyi usakayambe kuilengeza pachitsime, idikire kaye.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Dzulo nditaweruka ndinapeza zotsala za nsalu yobiriwira ija zili pathebulo la makina, zodulidwa ting'onoting'ono, sizasi itagona chogwirira chake kumanzere. Nditaziyala pabedi ndinaona kuti ndi kamalaya ka khanda. Mantha ndinachita, sindikana, koma ulendo uno sindinafunse munthu aliyense. Ndangoika singano ndi ulusi wofiira pambali pake, mpando ndausendezera pamene pamafika dzuwa.

Tsalani bwino, Amayi, muzindikumbukira popemphera.

Ndine mwana wanu,
Mkazi wa telala