Mphini za Amayi Zafufutika

Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno ku Sadzi tili bwino, koma usiku wapitawu sindinaone tulo chifukwa cha chithunzi cha malemu amayi choti chiikidwe pachiliza.

Ndimangofuna kuchiwalitsa pang'ono ndi kudulamo mbuzi ili kumbuyo kwawo ija. Mnzanga wa kukwaya anandiikira pulogalamu pafoni, amvekere, "Yophweka iyi, asisi, imachita yokha." Yachitadi yokha! Yawayeretsa khungu, yafufuta makwinya ndi mphini zonse zapamasaya. Mulungu andikhululukire, ndinatukwana ndili mu yunifolomu ya kutchalitchi.

Chonde ndiuzeni pulogalamu yongodula ndi kuwalitsa basi, yopanda nzeru zakezake. Womanga chiliza akufuna chithunzicho Lachisanu. Yankhani lisanafike Lachitatu, kuopa kuti tingaike mtsikana wachilendo pamanda a amayi athu.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati