Chitenje cha a Judith

Zemba, Chadiza
14 Ogasiti 1996

Okondedwa a Naomi, msuweni wanga,

Ndikhulupirira kuti ku Kitwe muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, thonje tagulitsa, ngakhale mtengo wake unali wachipongwe.

Za ine ndi Elinata mukudziwa ndinu nokha, ndiye ndikuuzeni. Mwezi watha a Judith, aphunzitsi a ku boma aja, anatiitanira phwando kunyumba kwawo, ife akazi okondana tokhatokha. Aneba anawauza kuti ndi kicheni pate, phwando lija lolangiza mkwatibwi. Tinavina zitseko zili zotseka, ndipo ndinamugwira dzanja Elinata anthu akuona, chinthu chomwe sindinachitepo. Kunali bwino, sindikana.

Tsono tavutana pa mphatso yowathokozera. Ine ndinati tiwatengere nkhuku ndi thumba la nsawa, monga amachitira anthu. Elinata akuti nsawa ndi zachimidzi, a Judith ndi munthu wophunzira. Dzulo wapalasa njinga mpaka ku boma, wabwerako ndi chitenje chamaluwa ofiira, cha mipande iwiri. Mpande umodzi waukulunga bwinobwino, akuti ndi wa a Judith. Winawo waika m'sutikesi mwake.

Msuweni, mukuwadziwa anthu amene amavala chitenje chofanana awiriwiri kuno kwathu, ndi okondana. Zaka zonsezi Elinata amavala zofanana ndi yani? Nditamufunsa anangoseka, amvekere, "Iwe Tine, nsanje idzakupha."

Mwina ndi nsanjedi. Koma akuti Loweruka akapereka yekha, ine nditsale ndiziswa nsawa, zachimidzi zomwezo.

Moni kwa alamu. Kalatayi mukawerenga muiwotche.

Ndine msuweni wanu,
Tinenenji