Seneta Anadya kwa Funke

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndili bwino, msana wokha ndiwo ukuvuta. Mwendo wa amayi uli bwanji?

Loweruka nsanje inandigwira. Funke, mnzanga wa kuntchito wa ku Nigeria, anandiitana ku fulati yake kuno ku Woolwich kuti ndikamuthandize kuphika. Mlendo wake anali seneta wa kwawo! Kumeneko chigawo chilichonse, chachikulu kaya chaching'ono, chili ndi maseneta atatu. Akumugawira mpunga, Funke anadandaula za mlatho wa kumudzi kwawo, bamboyo n'kuyankha kuti, "Ndikayankhula, mwanawanga." Ngati malume ake enieni!

Kenako senetayo anandifunsa ine: "Nanga chigawo chanu amachiyankhulira ndani?" Ndikanati chiyani, poti Seneti yathu anaifufuta m'malamulo isanakumane n'komwe? Mlatho wathu unakokoloka ndisanakwere ndege, mpaka lero amayi amawolokera pamsana panu popita kuchipatala. Ndinangoseka, n'kupita kukatsuka mbale.

Chonde, mtsinje ukadzaza musawawolotse, dikirani madzi aphwe. Ambuye akusungeni nonse.

Funke wandiitananso. Ndamuuza kuti ndili pa shifiti.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike