Mawu amene anauzanso Goliati

Okondedwa Ba Sisi Vera,

Muli bwanji ku Solwezi, pamodzi ndi alamu ndi kamwana? Kuno ku Chawama tili bwino. Chifuwa cha amayi chatsika, ayambanso kupita kumsika.

Mukukumbukira chifukwa chimene munayambira kundilipirira tushoni, maphunziro apadera aja, kwa Ba Kasoma. Ba Chibwe, aphunzitsi athu a masamu, anandiitana ndekha anzanga atatuluka. Anati ndili ndi mutu wa masamu, ndisauwononge, ndipite kwa Ba Kasoma akaunole. Mukundidziwa, Ba Sisi, ndimakhala kumbuyo, sindilankhula. Palibe mphunzitsi amene anandionapo. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba chothamanga.

Sabata yatha ndinali kusesa kuseri kwa chitseko cha kalasi. Ndinamva Ba Chibwe akulankhula ndi Goliati, mnyamata uja amene amakopera ngakhale deti pabuku langa. Anamuuza kuti ali ndi mutu wa masamu, asauwononge, apite kwa Ba Kasoma akaunole. Sanasinthe ngakhale liwu limodzi.

Nditamufunsa Goliati, anaseka mpaka kukhala pansi. Anati kodi ndine ndekha mu Chawama amene sindikudziwa kuti mwana aliyense akalembetsa kwa Ba Kasoma, Ba Chibwe amalandira ndalama yawo. Anati ngakhale iyeyo analonjezedwa ya tokotaimu ya foni akabweretsa mnzake, ndipo akanabweretsa ine koma aphunzitsi anamuphangira.

Nkhani yafika kwa makolo. Ena achotsa ana awo, akuti ngati tushoni ili yabwino, n'chifukwa chiyani ikugula pakamwa pa anthu? Chowawa n'chakuti Ba Kasoma amaphunzitsadi bwino. Koma dzulo atandiyamikira kuti ndakhoza, ndinangoyang'ana pansi, n'kumaganiza kuti akufuna ndibwerenso mwezi wamawa.

Sindikudziwanso ngati masamu ndimawatha. Mayeso a giredi 12 akuyandikira, ndipo ndikatsegula buku ndimamva mawu aja akuuzidwa Goliati.

Pempho langa ndi ili. Musatumize kaye ndalama ya mwezi uno. Ndaika mapepala anga a mayeso m'envulopu momwemu. Inu masamu munakhoza. Muwaone, mundiuze zoona, ngakhale zikhale zowawa. Mukati ndipitirize, ndipitiriza. Ndikhulupirira inu nokha, chifukwa mukandiyamikira inuyo, ndinu amene mulowe m'thumba kulipira.

Amayi sindinawauze. Amauzabe anzawo kumsika zimene aphunzitsi ananena za ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, kamwanako mukapsompsone. Mulungu akusungeni pantchito.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Levy