Wini ya Jesse

Loweruka, 13 Epulo

Mphepo yozizira ngati si Epulo. Besibolo kusukulu ya Jesse konkuno kutsidya kwa nyanja, ku Germantown. Ine pabenchi yachitsulo mpaka matako kuuma, mwana wanga kulowa kumapeto kwenikweni. Ndiyo ntchito yake, woponya mpira womalizitsa: mnzake akatopa, iye alowe ateteze zigoli. Eni ake amati marani, ine ndizingoti zigoli. Omenya mpira atatu a timu inayo, onse abwerera chimanjamanja. Tapambana.

M'galimoto a Sosten, bambo ake, maso pafoni. Padzina la Jesse mawini ziro. "Sizoni yonse ziro? Ndiye timazizidwiranji pano?"

Lachiwiri, 16 Epulo

Lamulo la a Sosten latuluka tikudya. Sizoni ikatha Jesse alibe wini ngakhale imodzi, besibolo yathera pomwepo, holide ikubwerayi akachite kosi yosamalira okalamba ngati ine. Chonsecho timu ya paholide ndi komwe makoleji amaonera ana, ndipo Jesse watsala ndi chaka chimodzi.

Munthu wakula akukuwira Bullets ku Ndirande. Kwa iwo masewera ndi kuwina kapena kuluza, basi. Ndayesa kulowererapo. "Amake Jesse, musandiphunzitse mpira." Chabwino, akatswiri.

Lachisanu, 19 Epulo

Popita kusukulu Jesse wandifotokozera, iye Chingelezi ine Chichewa, mwa masiku onse. Akuti wini imalembedwa kwa woponya amene anali m'masewera pamene timu inatsogola komaliza. Iyeyo kochi amamulowetsa tikutsogola kale. Akateteza bwino, wini ndi ya mnzake woyamba uja. Kuti ikhale yake, pokhapokha awononge kaye, adani atipeze zigoli, kenako anzake agoletsenso.

Ndinati abwerezenso. Aa! Wogwira bwino alibe kanthu, wolakwitsa ndiye apatsidwe? Ndiye ngati kuntchito kwathu. Shifiti ikatha popanda gogo wagwa, dzina langa palibe amalitchula.

Madzulo ndawauza a Sosten. Akuti mwana wandipusitsa, ndi zifukwa za mlesi. Chipande chinali m'manja. Mulungu yekha ndiye wandigwira dzanja.

Lamlungu, 28 Epulo

Masewera enanso awiri, palibe wamugoletsa. Ziro yomweyo. Chakudya akungochitokosa.

Titatuluka m'tchalitchi ku Silver Spring, a Sosten kuwauza a Mwelwa, anzawo a ku Zambia aja, kuti mnyamatayu mpira sunamuyanje. Mwana ali pomwepo! Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma pagulu ndikanatani.

Lachisanu lino ndi masewera omaliza. Kochi wati kubwera munthu wa koleji ina ya ku Virginia kudzaona Jesse. Mtima uli m'mwamba. Ndikuopa.

Lachisanu, 3 Meyi

Ndasinthana shifiti ndi mnzanga Theresa kuti ndikhalepo.

Tikutsogola ndi chigoli chimodzi, Jesse walowa. Wa koleji uja kuseri kwa waya, chipewa chabuluu, kampando kopinda. Omenya awiri oyamba wawatulutsa ngati akuseweretsa ana. Watsala mmodzi kuti zithe.

Ndinamuona ndi maso angawa akutembenuka kuyang'ana kumene tinakhala. Osati kwa ine, kwa bambo ake. Kenako waponya mpira wofewa, pakati penipeni. Phaa! Womenya wautumiza kunja kwa mpanda, chigoli cha adani. Zigoli zafanana. Wachipewa uja wadzuka, wapinda kampando kake.

Wotsatira Jesse wamutulutsa mosavuta. Anzake polowa kukamenya agoletsa, tapambana. Wini ya Jesse.

A Sosten kulumpha, kukumbatira azungu osawadziwa, voisi pagulupu ya abale kumudzi: "Mwana wanga wawina!" Mwanayo akutuluka m'bwalo nkhope ili pansi. Ine m'manja ndinaomba, nanga ndikanatani.

Loweruka, 4 Meyi

Besibolo ya paholide a Sosten avomera. Apita kukagula nyama yootcha, aitana a Mwelwa ndi akunyumba kwawo. Chisangalalo chotere sindinachione chibwerere kuno.

Kochi waimba m'mawa. Wa koleji anachoka osafunsa kanthu.

Ndamupeza Jesse pakhonde akupaka mafuta gulovu yake. Ndakhala pambali pake. Funso limodzi lokha: mpira uja unakupulumuka m'manja? Wapaka, wapaka. Ndiye wandiyankha m'Chichewa, mwana amene sayankha Chichewa chiyambire sukulu: "Adadi akondwa, eti?"

Galimoto ikulowa, a Sosten akuliza hutala ngati ukwati. Makala ndayatsa kale. Ndiwauze zoona zake za mpira uja alendo asanafike, kapena ndingozisiya?